Kodi Mkhristu apereke chakhumi ali ndi ngongole ya mnzake?

Mayi a Chisomo (oyang'anira gulu):
Moni kwa nonse m'dzina la Ambuye. Mutu wa sabata ino wachokera kwa mayi wina wa pagulu pano amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Funso lake ndi lakuti, ngati Mkhristu walandira malipiro a pamwezi, koma ali ndi ngongole ku banki m'khonde imene tsiku lake lobweza linadutsa, komanso sanamalize kulipira mnyamata amene anamulimira ganyu, kodi ayambe wapereka chakhumi ndi pleji ya kutchalitchi, kapena ayambe wabweza za anthu? Wawonjezera kuti kumene amapemphera anaphunzitsidwa kuti munthu amene akukula m'chikhulupiriro amadziwika ndi kukhulupirika kwake pa chakhumi, choncho akuopa kuti akadumphitsa mwezi umodzi ndiye kuti wabwerera m'mbuyo. Ndikupempha kuti tiyankhe mwaulemu, tisanyoze mpingo wa wina aliyense, ndipo amene akutchula Malemba atiuze pamene akupezeka kuti tikawerenge tokha.

Bambo a Tadala (mkulu wa mpingo, Dedza):
Zikomo amayi potipatsa mutu umenewu. Ine ndiyamba ndi buku lomwelo limene limawerengedwa kawirikawiri tsiku la zopereka, buku la Malaki. Tonse timadziwa chaputala 3 vesi 8 mpaka 10, pamene Mulungu akudzudzula Aisraele chifukwa chomubera pa chakhumi ndi zopereka, koma ndi ochepa amene amabwerera m'mbuyo pang'ono kukawerenga vesi 5 ya chaputala chomwecho. Pamenepo Mulungu akunena kuti adzakhala mboni yotsutsa anyanga, achigololo, olumbira zabodza, ndiponso amene amapondereza wantchito pa malipiro ake ndi kuzunza amasiye. Womana waganyu ndalama zake waikidwa pamzere umodzi ndi wanyanga, ndipo mneneri wake ndi yemweyo amene timamutchula pa nkhani ya chakhumi. Chilamulo chinali chitanena kale pa Levitiko 19:13 kuti malipiro a wantchito asagone kwa womulemba ntchito kufikira m'mawa, ndipo Deuteronomo 24:14-15 akupereka chifukwa chake, chakuti munthuyo ndi wosauka ndipo mtima wake wonse uli pa ndalamayo, motero alipidwe dzuwa lisanalowe. Yakobo 5:4 akubwereza nkhani yomweyo m'Chipangano Chatsopano ponena kuti kulira kwa okolola amene anamanidwa malipiro kwafika m'makutu a Ambuye.

Pa za mnyamata waganyuyo, ine sindikuonapo chokayikitsa. Ndalamayo inasiya kukhala ya mlongo wathuyu tsiku limene mnyamatayo anamaliza ndime yake ndi kuika khasu paphewa. Kuiika mu envelopu ya chakhumi ndiko kupatsa Mulungu chinthu cha mwini wake. Ngongole ya ku banki m'khonde ndi yosiyanako pang'ono, chifukwa kumeneko kuli malamulo a gulu ndipo munthu angathe kukakambirana nawo.

Achimwene a ku Joni:
Akulu a mpingo, ndakumvani ndipo za waganyu sindikutsutsa. Koma ndikuopa kuti tikatsegula khomo limeneli, palibe amene adzaperekenso kanthu kutchalitchi. Kuno ku Johannesburg sindidziwa Mmalawi amene alibe ngongole, kaya ya lendi, kaya ya amene anamulipirira basi pobwera, kaya ya wotumiza katundu kumudzi. Tikati munthu adikire kaye amalize ngongole zonse, adzadikira mpaka imvi. Miyambo 3:9 imati tilemekeze Yehova ndi chuma chathu ndi zipatso zoyamba kucha, osati zotsala. Ndipo Yesu anayamikira mayi wamasiye uja amene anaponya timakobiri tiwiri, zonse zimene anali nazo. Kwa ine chikhulupiriro chimakula pamene munthu wapereka ngakhale masamu akukana. Tisaiwalenso kuti abusa ali ndi ana ofuna fizi, ndipo magetsi a m'tchalitchi salipiridwa ndi nyimbo.

Aphunzitsi opuma ntchito (Zomba):
Achimwene, mfundo yanu yakuti ngongole siziyenera kukhala chobisalirapo cha anthu oumira ndi yoona, ndipo ndibwereranso kwa iyo. Koma tiyeni timuone bwino mayi wamasiyeyo pa Marko 12:41-44. Timakobiri tiwirito tinali take. Malemba sakunena kuti panali munthu amene ankamudikira kunyumba kuti amubwezere. Komanso vesi 40, imene ili pamwamba pake penipeni, ikudzudzula alembi a malamulo amene amadya nyumba za amayi amasiye kwinaku akupemphera mapemphero ataliatali kuti anthu awaone. Amene amalalikira za timakobirito kwa anthu osauka ayenera kuyambira kuwerenga pa vesi 38.

Ndime imene ikuyankha funso lathu mwachindunji ndi Marko 7:9-13. Panali mwambo wakuti munthu akanena kuti chuma chake ndi Korban, chopatulidwira Mulungu, sankakakamizidwanso kuthandiza nacho bambo ndi mayi ake. Pamaso pa anthu munthu wotere ankaoneka wodzipereka kwambiri, koma Yesu anati akupeputsa mawu a Mulungu ndi mwambo wawo. Ambuye sanalole kuti dzina la Mulungu likhale pothawira udindo umene tili nawo kwa anthu. Pa Mateyu 5:23-24 akupitirira pamenepo ponena kuti ukafika ndi mphatso yako paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, uisiye pomwepo mphatsoyo, upite ukayanjane naye, kenako ubwere udzapereke. Sanati usapereke, koma anaika choyamba poyamba. Ndipo kwa inu achimwene, Mateyu 23:23 ali kumbali yanu pang'ono, pakuti podzudzula Afarisi amene ankapereka chakhumi cha timbewu tonunkhira n'kusiya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika, Yesu anati ayenera kuchita zazikuluzo popanda kusiya zinazo.

Ine ndimasiyanitsa ngongole imene munthu akubweza bwinobwino monga mwa pangano, ndi ngongole imene tsiku lake ladutsa ndipo mwini wake akuvutika chifukwa cha iyo. Amene ali ndi ngongole ya mtundu woyamba alibe chifukwa chosiyira kupereka. Amene ali ndi ya mtundu wachiwiri akusunga chinthu cha mwini. Paulo pa 2 Akorinto 8:12 akuti chopereka chimalandiridwa monga mwa zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe.

Mayi a Yamikani (mlembi wa banki m'khonde, Likuni):
Ndilankhule monga munthu amene amagwira kope la gulu, chifukwa abambo ena amaganiza kuti banki m'khonde ndi bungwe lokhala ndi chuma chake. Mulibe ndalama ina m'bokosi muja kupatula masheya amene amayi amagula sabata iliyonse kuchokera pa mandasi, tomato ndi makala. Timabwereketsana tokhatokha, ife pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, ndipo mu Disembala timagawana zonse malinga ndi masheya a aliyense. Ambiri amawerengera ndalama imeneyo kuti agulire feteleza wobereketsa ndi kulipirira fizi ya mu Januwale. Munthu mmodzi akapanda kubweza, sikuti waluza ndi bwana wina wa ku tauni, koma mayi woyandikana naye nyumba amene chimanga chake chidzachita chikasu m'munda.

Chimene chimatipweteka kwambiri si kulephera kubweza, chifukwa matenda ndi maliro zimagwera aliyense ndipo gulu lililonse lanzeru limamvetsa. Chopweteka ndi kuthawa. Munthu amasiya kubwera kumsonkhano, foni sayankha, mukakumana naye pamsika amalowera kumzere wa nsomba, koma Lamulungu ali kutsogolo akuyambitsa nyimbo, ndipo pa pepala sande dzina lake likuwerengedwa m'gulu la opereka zambiri. Amayi ena a m'gulu mwathu sapemphera, ena ndi Asilamu, ndipo pa tsiku logawana amatifunsa ngati chimenechi ndicho Chikhristu. Ulaliki wa chaka chathunthu umathera pamenepo.

Ife a Katolika tili ndi miphakati, imene kuno ku Lilongwe inakhazikika kudzera mu sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975 pa nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe. Cholinga chake chinali chakuti mpingo ukhale kumene anthu amakhala, osati kuparishi kokha. Ndaona kuti mumphakati n'kovuta kunamiza anthu, chifukwa amene mukugawana nawo Mawu m'nyumba ya mnzanu ndi omwewo amene mumakongozana nawo mchere. Ndikhulupirira kuti ndi chimodzimodzi kwa anzathu a CCAP m'milaga yawo. Malangizo anga kwa mayi wofunsayo ndi akuti apite kumsonkhano wa gulu sabata yomwe ino, ndi ndalama iliyonse imene angathe, anene zoona za mmene zinthu zilili, ndipo apemphe kuti amulembere tsiku latsopano m'kope.

Bambo a Madalitso (ogula mbewu, Mchinji):
Nkhaniyi yandikhudza ngakhale ndilibe ngongole ku gulu lililonse, chifukwa kwa ife ogula soya, mtedza ndi chimanga mayesero ali pa sikelo. Ndifotokoze mmene zimakhalira kuti mundithandize maganizo. Boma limalengeza mitengo yoyambira yogulira mbewu chaka chilichonse, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi amene amayesa masikelo ogwiritsidwa ntchito pa malonda. Koma kumidzi yakutali, wogula wina amakweza mtengo wa pa kilogalamu kuti akope alimi, kwinaku sikelo yake itakonzedwa kuti thumba la makilogalamu 50 lizionetsa 45 kapena kuchepera apo. Kenako amachotsanso kilogalamu ina ponena kuti ndi ya thumba, ina ponena kuti mbewu sinaume. Mlimi amangomva mtengo wolengezedwawo n'kuthamangira kumeneko, ndipo amene sikelo yake ili yoona amakhala tsiku lonse akuingitsa ntchentche chifukwa mtengo wake ukuoneka wotsika.

Ndimadziwa Miyambo 11:1, yakuti sikelo yonyenga imamunyansa Yehova, ndipo Amosi 8:4-6 amandichititsa mantha, chifukwa akufotokoza amalonda amene amasunga Sabata ndithu, koma ali m'kati mopembedza akufunsa kuti litha liti kuti akachepetse muyeso ndi kukweza mtengo. Anthu amenewo sankajomba kukachisi. Ena mwa anzanga a masikelo okonzedwa ndi amene amagula malata a tchalitchi, ndipo amakhazikidwa pa mipando ya kutsogolo. Funso langa ndi lakuti, kodi mpingo uzilandira ndalama zotere osafunsa? Ndipo kodi munthu wofuna kuchita malonda oona apirire bwanji pamene banja lake likudya kuchokera pa sikelo yomweyo?

Bambo a Tadala:
Bambo a Madalitso, funso lanu loyamba ndi lolemera kwa ife akulu a mpingo, ndipo sindiliyankha mopepuka. Mabwalo athu a mpingo amafulumira kwambiri pa milandu ya mimba, mitala ndi mowa, koma mlandu wa sikelo kapena wa malipiro a wantchito wapakhomo sufika kawirikawiri pabwalo, ngakhale Malemba amaunena mobwerezabwereza. Chifukwa chimodzi n'chakuti wolakwiridwayo ndi wosauka ndipo sadziwa kuti angadandaule, china n'chakuti wolakwayo ndi amene tikumuyembekezera pa chitukuko cha nyumba ya abusa. Sitingafufuze kumene kwachokera kwacha iliyonse ya m'mbale, koma pamene nkhani ikudziwika m'mudzi monse, mkulu wa dera ali ndi udindo wopita kwa munthuyo payekha monga akunenera Mateyu 18:15. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake sanalonjeze kumanga sunagoge. Pa Luka 19:8 analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda, ndipo pamenepo ndi pamene Yesu ananena kuti chipulumutso chafika panyumbayo.

Pa funso lachiwiri, sindikulonjezani kuti kuona mtima kumalemeretsa msanga, chifukwa ndaona anthu oona mtima akutseka malonda. Chimene ndingalangize n'chakuti mulole mlimi aone yekha. Ikani pambali pa sikelo chinthu chimene aliyense amadziwa kulemera kwake, monga paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, kapena mulole mlimi ayezetse thumba lake kwina kenako abwere nalo kwa inu. Alimi amauzana, ngakhale zimatenga nyengo zingapo.

Aphunzitsi opuma ntchito:
Ndionjezere mbiri pang'ono pa zimene akulu a mpingo anena. Achinyamata ambiri amaidziwa kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992 ngati chikalata cha ndale chabe, chifukwa inatsegula njira yopita ku riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Koma inali kalata ya nyengo ya Lenti, ndipo mutu wake unali wa kukhala moyo m'chikhulupiriro chathu. Pansi pa mutu wotere maepiskopi analemba za malipiro ochepa a antchito, za mpata wokulirakulira pakati pa olemera ndi osauka, za ziphuphu ndi kukondera, za masukulu ndi zipatala. Kwa iwo nkhani ya malipiro inali nkhani ya chikhulupiriro. Yohane Mbatizi anachita chimodzimodzi pa Luka 3:10-14, pamene anthu anamufunsa chochita posonyeza kulapa: okhometsa msonkho anawauza kuti asalipitse zoposa zolamulidwa, asilikali anawauza kuti asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro awo. Aliyense anamubwezera ku ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Achimwene a ku Joni:
Ndamva zonse, ndipo kusiyanitsa kwa aphunzitsi pakati pa mitundu iwiri ya ngongole ndakulandira. Komabe ine ndipitiriza kupatula chakhumi tsiku limene ndalandira, chifukwa ndimadzidziwa, ndalama ikagona m'foni masiku atatu imapeza njira yake. Koma tsopano tiyang'anenso mbali ya wobwereketsa, popeza tonse takhala tikuloza chala wobwereka. Ndinabwereketsa msuweni wanga ndalama kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsopano akufuna kubweza chiwerengero chomwecho cha makwacha, chimene sichingagule zimene chikanagula nthawi ijayi. Kodi ndikamuuza kuti awonjezere ndachita katapila? Nanga ndikakhala chete pamene mtima ukuwawa, kumeneko ndi kukhululuka kapena kusunga mangawa?

Mayi a Yamikani:
Achimwene, zimenezo si katapila. Katapila ndi uja wobwereketsa K50,000 kuti munthu abweze K75,000 kapena K100,000 pakutha pa mwezi, atamulanda khadi la ku banki kapena chiphaso ngati chikole. Palinso katapila wa kumudzi amene anthu samuona ngati tchimo, wopatsa munthu ndalama zochepa mu Febuluwale njala itafika pachimake, kuti mu Meyi abweze matumba a chimanga a mtengo woposa ndalamazo kutali. Eksodo 22:25 akuletsa kudyera wosauka masuku pamutu mwa njira imeneyi, ndipo Nehemiya chaputala 5 akusimba mmene anakwiyira atamva kuti akuluakulu akulanda abale awo minda ndi nyumba pa nthawi ya njala, mpaka anawalumbiritsa kuti abweze. Wina angandifunse za 20 peresenti yathu ija. Kusiyana kwake n'kwakuti chiwongoladzanjacho chimabwerera kwa omwe anachipereka pa tsiku logawana, ngakhale ndivomereza kuti m'magulu ena amayi a masheya ambiri amene sabwereka amadyera pa amayi osauka amene amabwereka mwezi uliwonse, ndipo zimenezi zikufunika kuziunika.

Pa za msuweni wanu, ngati simunapangane za kugwa kwa kwacha, simungamukakamize. Koma kukhala chete mukuwawidwa sikukhululuka ayi. Muuzeni momveka mmene mwaluzira, mumve mmene zinthu zilili kwa iye, ndipo chimene mugwirizane chikhale chomaliza, osadzachitchulanso pa maliro kapena pa ukwati.

Agogo a ku Nkhoma:
Ana anga, ine ndilibe zambiri. Panyumba pathu madzulo tikamaliza kuwerenga Mawu, tisanagwade, timafunsana ngati pali munthu amene watuluka pakhomo pano lero tili naye ngongole, kaya wotunga madzi, kaya wowaza nkhuni, kaya wa pagolosale. Ngati alipo, mdzukulu amathamanga nayo usiku womwewo ngati ndi pafupi, ndipo ngati palibe ndalama timamutuma kukanena tsiku limene tidzapereke. Adzukulu amene anakulira pano anaphunzira kupemphera ndi kubweza nthawi imodzi. Mlandu suola, ndipo ngongole yaing'ono ndi imene imaiwalika ndi wobwereka yekha.

Mayi a Chisomo:
Zikomo agogo. Mayi amene anafunsa uja wandilembera kumbali. Akuti mnyamata waganyu wamulipira kale madzulo ano kudzera pa foni, ndipo Lachinayi apita kumsonkhano wa gulu ndi theka la ngongoleyo kuti akapemphe mwezi umodzi wa yotsalayo. Chimene chikumuvuta tsopano ndi pleji imene analonjeza pamaso pa mpingo wonse pa chitukuko cha tchalitchi, ndipo dzina lake lili pa mndandanda umene umawerengedwa kumapeto kwa mwezi. Akufunsa ngati lonjezo limeneli nalonso si ngongole, ndipo achite chiyani kuti asachite manyazi.

Bambo a Tadala:
Ndi ngongole ndithu, amayi, ndipo Mlaliki 5:4-5 akuchenjeza kuti kusalonjeza n'kwabwino kuposa kulonjeza osakwaniritsa. Achite nayo monga mmene Mayi a Yamikani alangizira pa za gulu. Asadikire tsiku lowerenga maina, koma apite kwa dikoni wa dera lake kapena kwa msungichuma wa komiti ya chitukuko sabata ino, afotokoze kuti akubweza kaye ngongole imene tsiku lake linadutsa, ndipo atchule mwezi umene adzayambe kupereka plejiyo, ngakhale pang'onopang'ono. Apemphenso kuti dzina lake lisawerengedwe m'gulu la otsalira pamene pangano latsopanolo likuyenda. Komiti zambiri zimalola munthu akabwera yekha. Ngati dikoniyo akana kumva, apite kwa mkulu wa mpingo wa dera lake, ndipo akalephera pamenepo nkhaniyo ifike kwa abusa.